Nkhafi ya Alamu

Alamu anga anafika kushedi kwanga Lachiwiri m'mawa, nkhafi ili paphewa ngati khasu. Anandipeza ndikupala mpini wa nkhafi ina, ya malilime awiri, ya timabwato topyapyala ta munthu mmodzi timene anyamata a masiku ano amathamangitsana nato pamtsinje. Nditangoiona nkhafi imene ananyamulayo ndinaizindikira, chifukwa ndinkaidziwa bwino. Amene anaisema ndine, ndipo amene anaiwononga ndinenso.

"Odi, amisiri a dziko lonse!" anatero ali pakhomo. "Mukadali moyo, kapena utuchi unakukwirirani?"

"Lowani, alamu. Ndikanafa mukanamva kale, poti inu nkhani sikudutsani."

Ine ndi alamu angawa takhala tikunyogodolana kuyambira tsiku limene achimwene anawabweretsa pakhomo, zaka pafupifupi makumi anayi zapitazo. Iwo amati mutu wanga ndi chitsa, ine ndimati pakamwa pawo ndi wailesi yosatha batire. Koma tsiku limenelo nthabwala zinathera pakhomo pompo. Anakankha utuchi pabenchi ndi dzanja n'kugonekapo nkhafi ija. Lilime lake, kunsonga kophwatalala kumene kumakankha madzi, linali litang'aluka kuchokera kumapeto mpaka pakati.

"Inatsala padzuwa miyezi iwiri," anatero. "Mundisemere ina. Yofanana ndi imeneyi ndendende, musawonjezere, musachotsere. Dzanja langa linaizolowera."

"Mukufuna kupita nayo kuti?"

"Kumwezi. Funso lanji limenelo? Kutsidya, kudimba."

"Ndi yani?"

"Ndekha."

Achimwene, amene anthu onse amawatchula a Sathamanga chifukwa ngakhale nyumba itamapsa amayamba amanga kaye zingwe za nsapato, anagwa kubafa miyezi iwiri m'mbuyomo. Pochoka kuchipatala mbali yakumanja inali itafa, mkono ndi mwendo womwe, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka odukaduka. Dimba lawo lili kutsidya kwa mtsinje, ndipo moyo wawo wonse awiriwa ankawoloka limodzi, alamu kutsogolo kwa bwato, achimwene kumbuyo kowongolera. Chigwereni achimwene, anyezi ankathiriridwa ndi mnzawo wa dimba loyandikana, koma nayenso anali atayamba kung'ung'udza.

Mwana wawo wamkazi, namwino wa kutauni, anali atanena kale maganizo ake: makolo onse awiri asamuke, akakhale kwa iye, m'chipinda cha kumbuyo chimene zenera lake limayang'ana mpanda wa njerwa. Alamu anakana mpaka foni inatentha. Pomaliza anapangana chonchi: alamu akatha kuwoloka okha n'kubwerako, namwino awasiya pakhomo pawo n'kupeza munthu wokhala ndi bambo ake masana. Akalephera, kutha kwa mwezi galimoto ibwera.

"Ndinayamba kupalasa mtsinje umenewu iye asanabadwe," alamu anandiuza, "lero azindipatsa mayeso ngati mwana wa sukulu. Akulu anu ankangowongolera kumbuyoko. Wokoka bwato ndinali ine."

Ndinayang'ana pansi, n'kuwauza kuti abwere Lachisanu.

Nkhafi si thabwa wamba. Ili ndi chigwiriro, mpini, khosi pamene mpini umakumana ndi lilime, ndi lilimelo, ndipo zonsezi zimasemedwa potengera thupi la mwini wake. Utali wa mpini ndimayeza munthu atakhala pansi, kuchokera pampando kufika pamphuno. Chigwiriro ndimasema nditaona chikhatho chake. Lilime ndiye nkhani ya mapewa. Likakula limagwira madzi ambiri ndipo bwato limalumpha, koma limafuna munthu wamphamvu. Likachepa limapepuka m'manja, munthu n'kumadzimva kuti ndi ngwazi, pamene madzi akungomudutsa m'mbali. Aliyense amene ndinamusemerapo ali ndi chikombole chake cha pulaiwudi, chojambulira lilime la msinkhu wake, chokolekedwa pamsomali kukhoma, dzina lolembedwa ndi pensulo. Cha alamu chinali pamsomali wachitatu kuchokera pazenera, kangaude atamangapo nyumba.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo alamu anayamba kudandaula phewa. Chaka chilichonse mvula ikatha achimwene ankabweretsa nkhafi zawo ziwiri kuti ndizikweche ndi sandipepa n'kuzipaka mafuta. Chaka chimenecho atalowa anatseka chitseko cha shedi, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Iwe," anatero, "ya mlamu wakoyi uichotseko m'mbalimu. Kachikhadabo chabe. Yangayi uiwonjezere."

"Bwanji osangowauza kuti atenge yocheperako?"

"Umamudziwa. Ukamuuza kuti watopa, apalasa mpaka phewalo lizuke. Usamuuze kanthu."

Ndinachotsa. Ndi mkulu wanga, ndipo zinandionekera ngati chikondi. Chinalidi chikondi, zimenezo sindikana. Chaka chotsatira anabweranso ndi mawu omwewo, chinacho sanachite kunena, anangoloza ndi mlomo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndinkapala mbali zonse mofanana kuti maonekedwe asasinthe, ndipo m'mphepete ndinkadetsamo ndi mafuta akale kuti thabwa la mkati lisawale. Ya achimwene ndinkaimata timizere ta thabwa lolimba m'mbali, mpaka alamu ankawaseka kuti akupalasa ndi chitseko pofuna kudzionetsera kwa amayi ochapa pamtsinje.

Ndinene zoona pano, popeza ndayamba: ndinkanyadira. Kunamiza diso n'kosavuta, aliyense wokhala ndi penti amatha. Koma kunamiza dzanja la munthu amene amagwira chinthu tsiku ndi tsiku, zaka khumi ndi chimodzi osazindikira, pamafunika mmisiri. Ndikaibweza nkhafi ija, alamu n'kuiyeza m'manja n'kunena kuti, "Mafuta anuwa amaipepuza," ine mumtima ndinkadziombera m'manja.

Tsopano munthu yemweyo ankafuna kulowa nayo yekha pakati pa mtsinje. Mtsinje wathu m'mphepete ndi waulemu, koma pakati pali msewu wa madzi othamanga, ndipo kumunsi kwa doko kuli miyala imene inaswapo mabwato a anthu odziwa. Kankhafi kameneko pamenepo n'chimodzimodzi supuni ya tiyi.

Masana a Lachiwiri lomwelo ndinapita kwa achimwene, nditaonetsetsa kuti alamu alowera kumsika. Ndinawapeza pampando wawo pafupi ndi zenera, thaulo lopukutira malovu lili paphewa, wailesi ikulankhula yokha patebulo. Mkono wakumanja, umene kale unkakokera bwato kumtunda wokha, unali pamiyendo ngati wobwereka.

"Achimwene, abwera kushedi. Akufuna nkhafi yofanana ndi ija. Akuti awoloka okha."

Anatong'ola maso. Dzanja lamanzere linandigwira pamkono, ndipo mphamvu inali ikadalimo.

"U... usa..."

"Ndisatani? Ndisawauze, kapena ndisawalole?"

Anayesanso. Milomo inanjenjemera, malovu anatsika, mawu sanabwere. Ndinapsa mtima, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka lero, chifukwa wodwala sakalipiridwa. Ndinati, "Munayambitsa ndinu zimenezi. Lero mwakhala chete, katundu yense mwasiyira ine." Misozi inatsika. Ndinawapukuta ndi thaulo lija, ndinawakonzera pilo kumsana, n'kutuluka.

Masiku awiri ndinayenda ndi nkhaniyi ngati mwala mu nsapato. Ndinaganiza zosema nkhafi yokulirapo mwakachetechete, alamu akadandaula ndinamizire thabwa kuti ndi lolemera. Ndinaganiza zoimbira namwino kuti abwere msanga ndi galimoto yakeyo, nkhani ithe ine ndisanatsegule pakamwa. Nditawafotokozera mayi a kunyumba kwanga, anaimika simbi imene ankasitira, n'kundiyang'ana monga amayang'anira nsomba ya dzana pamsika.

"Mwamunamiza munthu zaka khumi ndi chimodzi," anatero, "ndiye mukufuna ine ndikuthandizeni kusankha bodza la chaka chino? Mbewa yamanyazi inafera kuuna, bambo. Koma apa manyazi ndi anu, wokafa ndi wina."

Lachisanu alamu anafika ndi mpango watsopano kumutu, ngati munthu wokalandira mphoto. Anayang'ana pabenchi, sanaone nkhafi yatsopano.

"Ulesi uja wayambanso?"

"Khalani pansi, alamu."

"Sindinabwere kudzacheza ine."

Ndinatsitsa chikombole chawo pamsomali, ndinachipukuta ndi malaya, n'kuchigoneka pabenchi. Ndinawaonetsa dzina lawo la pensulo. Kenako ndinatenga nkhafi yong'aluka ija n'kuisanjika pamwamba pake, khosi pa khosi. Chikombole chinatulukira mbali zonse, zala ziwiri kumanja, zala ziwiri kumanzere, zitatu kunsonga. Zinkaoneka ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake.

Alamu anayang'ana nthawi yaitali. Anaika zala zawo pamalo otsalawo, mbali ino, kenako mbali inayo.

"Madzi amadya thabwa chonchi?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Ndine. Chaka chilichonse pang'ono, ikabwera kudzapakidwa mafuta."

"Anakutumani ndani?"

"Achimwene. Chifukwa cha phewa lija."

Ndinkayembekeza chimphepo. Ndimawadziwa alamu anga, anathamangitsapo munthu ndi ndowa ya madzi chifukwa chofinya tomato amene sanagule. Koma tsiku limenelo anangokoka mpando umene anaukana uja n'kukhala, manja ali pamaondo.

"Ndiye chitseko ankapalasira chija," anatero, osamaliza. Patapita kanthawi anafunsa kuti, "Munkaseka?"

"Sitinasekepo."

"Ine ndikamadzitama pagulu kuti wokoka bwato ndine, inu awiri muli pomwepo, simunkayang'anana?"

Zoona zake n'zakuti tinkayang'anana.

"Alamu, anachita zimenezi chifukwa chokukondani."

"Musandiphunzitse za mwamuna wanga. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ine ndikufunsa inu. Mulibe mutu wanuwanu? Ndinu mmisiri, mukudziwa kuti mkono umasunga mphamvu imene ukugwiritsa ntchito, yotsalayo umataya. Mwina phewa likanandigonjetsa, inde. Koma mukanandisiya ndigonje ndekha, ndikuona. Lero ndalumbira kwa mwana wanga kuti ndiwoloka, kudalira mikono imene munandibera kalekale."

Ndinati pepani. Mawu amenewa anamveka ochepa ngati kankhafi kaja. Madzi akatayika saoleka.

Anaimirira, anagogoda chikombole ndi chala. "Musema iyi, yanga yeniyeni. Ndipo ndizikhala pompano mpaka ithe, chifukwa wakuba sasiyidwa yekha ndi katundu."

Anakhaladi, masiku atatu, m'mawa uliwonse akatha kusambitsa ndi kudyetsa achimwene, mayi a kunyumba kwanga akukhala ndi wodwalayo. Ndinatsitsa thabwa la mkungudza limene linauma pamitanda ya denga zaka zinayi, lopanda mfundo, mizere yake yowongoka kuchokera uku mpaka uko, chifukwa mzere ukapatuka pampini nkhafi imathyokera pomwepo, ndipo imasankha tsiku la mavuto. Ndinajambula chikombole alamu ataweramira paphewa panga, kuona ngati pensulo ikuyenda m'mphepete mwenimweni. Ndinacheka ndi sowo kunja kwa mzere. Lilime ndinalisema ndi nsompho, kusiya msana pakati n'kumapyapyalitsa cha m'mphepete. Mpini ndinaupala makona anayi, kenako asanu ndi atatu, kenako mpaka dzanja linasowa pokhumudwa. Zipsera za pulena ndinazikanda ndi chidutswa cha botolo losweka.

Sitinalankhule zambiri. Tsiku lachiwiri, maso ali panja, alamu anayamba kunena za dimba lija ngati akudziuza okha: chitsime chimene anakumba awiri iwo ali ndi pakati pa namwino yemweyo, mtengo wa mandimu umene achimwene anaubzala malo olakwika ndipo unakana kufa. "Kutauniko ndizikatani?" anatero. "Kuwerenga njerwa?" Kenako anayang'ana manja anga n'kunena kuti, "Manja abwino chonchi, Mulungu anangowataya pa munthu wolakwika." Ndinasangalala, chifukwa chipongwe chinali chitayamba kubwerera.

Tsiku lachitatu ndinaika mpini pachala pafupi ndi khosi, nkhafi inakhazikika osapendekera. Ndinaipaka mafuta kawiri n'kuipachika kuti iume. Inali nkhafi yokongola, ya mayi wamphamvu amene ndinamuyeza kalekale.

Tinakaiyesa Lachiwiri, dzuwa litakwera, patatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwezi uthe. Ine ndinabwereka bwato la msodzi wina kuti ndizitsatira pambuyo. Alamu anandilumbiritsa kuti sindilowerera, ndipo anandiuza kuti ndiponye mpeni ndi kapulena kakang'ono m'thumba. Anakhala kumbuyo, pamalo pa achimwene, anakankha gombe n'kumiza nkhafi. Inalowa m'madzi n'kukanirira ngati khasu m'dothi la makande. Anakoka ndi thupi lonse, bwato linalumpha, mtima wanga unalumpha nalo. Kachiwiri chimodzimodzi. Pofika kakhumi mkono unali ukunjenjemera, nkhafi ikutuluka mochedwa, bwato likuzungulira malo amodzi madzi othamanga ali patali. Anabwerera kugombe okha, nkhope ili gwa.

Anakhala pamchenga mpaka mpweya unabwerera. Kenako anatenga nkhafi, anakanda mzere m'mphepete mwa lilime ndi chikhadabo cha chala chachikulu, n'kundipatsa.

"Chotsani apa. Pamene ndalembapo, osapitirira."

Ndinapala pomwepo, nkhafi ili pamaondo, iwo akuyang'ana. Ntchito inali yomwe ija, koma manja anga ankaimva mosiyana.

Mawa lake anayesanso, anafika patsogolo pang'ono, anabwerera, analembanso mzere. Lachinayi phewa linatupa, anakhala pakhomo n'kumalithowa ndi madzi otentha. Tsiku lomwelo namwino anandiimbira.

"Bambo aang'ono, ndamva kuti mukuwalimbikitsa amayi. Akamira mudzandiuza chiyani?"

"Mwana wanga, amayi ako salimbikitsidwa ndi munthu. Ine ndimangotsatira pambuyo."

"Ine sindikufuna kuwalanda dimba. Ndikufuna ndikhale ndi makolo."

Ndinamuuza kuti ndikumva, ndipo ndinkamvadi. Mwanayo sankalakwa. Lachisanu alamu anabwera, anayesa, analemba, ine ndinapala. Palibe amene ananena kumene tinkalowera, ngakhale tonse awiri tinkakuona.

Loweruka nkhafi inawamvera. Inkalowa ndi kutuluka msangamsanga, bwato linayenda mowongoka, ndipo ndili pambuyo ndinawamva akuimba chapansipansi. Anafika pamsewu wa madzi othamanga. Mutu wa bwato unapotokera kumunsi. Anapalasa, anapalasa, mikono ikuyenda ngati makina osokera, madzi akungochita thovu m'mbali mwa lilime, koma doko la kutsidya linkatsalira kumtunda. Ndinawasiya kaye, poti ndinalumbira. Nditayamba kumva mkokomo wa madzi pamiyala lumbiro ndinalitaya. Ndinathamangitsa bwato langa, ndinagwira chingwe cha kutsogolo kwa lawo, n'kukokera mabwato onse awiri kugombe lathu, kumunsi kwenikweni, kumene amayi amachapa. Tinabwerera wapansi m'madzi ofika m'maondo, aliyense akukoka lake, amayi ochapa aja akunamizira kuti sakutiona.

Kushedi alamu sanadikire kuti wina awauze. Anagoneka nkhafi yatsopano pabenchi, anatenga yakale pakona n'kuisanjika pamwamba. Kusiyana kwake kunali kongolingana ndi kamtengo ka machesi.

Anaseka pang'ono, kuseka kwa pamphuno. "Ankandidziwa, mdala ameneyu."

"Mwina tikanapanda kuchotsa poyamba paja," ndinayamba.

"Mwina. Sitidzadziwa. Chimenecho ndiye munandilanda, ndipo sindinakukhululukireni, musafulumire." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Tikafika padoko akulu anu ankatsala kaye m'bwato, akupuma ngati ng'ombe. Ine ndinkati ndi ulesi, ndinkati ndi fodya uja. Ndinkatsika n'kuwasiya pomwepo."

Ndinati nditha kumawawolotsa ine, kawiri pa sabata, ngakhale katatu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Inu? Mwakalamba ngati akulu anu omwe. Ndimalize amuna awiri a nyumba imodzi? Ndibwerekeni foni."

Anaimba ali chiimire pakati pa utuchi. Ndinamva mawu a namwino akuti, "Amayi, zayenda bwanji?"

"Sindinawoloke," alamu anatero. "Ubwere ndi galimoto ija kutha kwa mwezi. Koma anyezi wanga ndizula kaye, sindisiyira mbuzi za anthu." Namwino anayamba zowatonthoza, iwo anadula foni n'kundibwezera.

Zimene anakambirana ndi achimwene sindikuzidziwa, ndipo sindinafunse. Lamulungu nditadutsako ndinapeza alamu pakhonde akumeta achimwene ndevu, atawagwira chibwano, akuwakalipira kuti asagwedezeke. M'nyumba munali makatoni awiri otsegula.

Lolemba ndinapita kudoko kuti ndiwawolotse kukazula anyezi, ulendo umodzi wokha umene anandilola. Ndinawanyamulira nkhafi yawo yatsopano. Anaiyang'ana n'kunena kuti ndiisiye pamchenga.

"Lero ndine katundu," anatero. "Katundu sapalasa."

Analowa m'bwato ndi matumba opanda kanthu n'kupita kumpando wa kutsogolo. Koma m'malo moyang'ana kutsidya anatembenuka, anakhala choyang'ana ine, manja ali pamiyendo.

"Alamu, kutsogolo ndi uko."

"Ndikudziwa kumene kuli kutsogolo. Ndayang'anako zaka makumi anayi. Palasani."

Ndinapalasa. M'mphepete zinayenda bwino. Koma ine ntchito yanga ndi yosema nkhafi, si yopalasa tsiku ndi tsiku, ndipo titalowa m'madzi othamanga bwato la anthu awiri linandionetsa kulemera kwake. Msana unatentha, mitsempha ya m'khosi inaima, thukuta linalowa m'maso. Ndinatseka pakamwa kuti asamve mmene ndinkapumira. Ndinayesa ngakhale kumwetulira.

"Musabise," alamu anatero. "Pumani mmene mukupumiramo. Ndikufuna ndione."

Ndinatsegula pakamwa, mpweya unatuluka ndi phokoso lake lonse loipa. Nkhope yanga ndinaisiya ichite zimene inafuna. Iwo anandiyang'ana osaphethira, misozi ikutsika mpaka pachibwano osaipukuta.

"Ndiye ankaoneka chonchi," anatero. "Popita ndi pobwera, kumbuyo kwangaku."

Ndinapalasabe, ndipo sanachotse maso pa ine mpaka bwato linagunda mchenga wa kutsidya.